Wufa ndi Amplifaya M'galimoto: Kasankhidwe ndi Kalumikizidwe

Masipika a m'zitseko za Vitz, Passo kapena Sienta ndi ang'onoang'ono. Mawu a woimba ndi gitala amawatulutsa bwino, koma kugunda kwa ng'oma yaikulu amakulephera. Imeneyi ndi ntchito ya sabuwufa, yomwe ambiri timangoti wufa: sipika ya mainchesi 8, 10, 12 kapena 15 yoimba mawu akuya okhaokha. Wailesi ya m'galimoto payokha singaiyendetse, motero pamafunikanso amplifaya.

Pogula

Musatengeke ndi nambala zikuluzikulu zolembedwa pakatoni, monga 2000W MAX kapena PMPO. Funani nambala ya RMS, chifukwa ndiyo imanena mphamvu imene chipangizo chimapirira kapena kupereka mosalekeza. Wufa ya 300W RMS imafuna amplifaya yopereka pafupifupi 300W RMS.

Pali njira yachidule yogwirira bodza la pakatoni. Yang'anani fyuzi ya pa amplifayayo. Injini ikamalira, magetsi a galimoto amakhala pafupifupi 14V. Ngati fyuziyo ndi imodzi ya 20A, chulukitsani 20 ndi 14, mupeza 280W. Amplifaya yoteroyo singatulutse 1000W, wogulitsa anene bwanji.

Mtundu wa amplifaya wabwino kwa wufa ndi monoblock ya Class D, popeza siwononga magetsi ambiri ndipo sitentha msanga. Mulingalirenso kukula kwa alternator yanu. Amplifaya ya 500W RMS imakoka pafupifupi 45A ikafika pachimake, ndipo galimoto yaing'ono imamva katundu ameneyu. Nyali zikamaphethira besi ikagunda, dziwani kuti mwapitirira muyezo. Eni malole achenjere: malole ambiri amayendera 24V, ndipo amplifaya ya 12V imapsa nthawi yomweyo.

Nkhani ya ma ohm

Apa ndi pamene maamplifaya ambiri amafera. Wufa iliyonse ili ndi nambala ya ma ohm, kawirikawiri 2 kapena 4, ndipo amplifaya nayo ili ndi malire ake otsikitsitsa. Mukatenga mawufa awiri a 4 ohm n'kulumikiza + ndi + komanso − ndi −, kulumikiza kumene amati parallel, amplifaya imaona 2 ohm. Mukalumikiza − ya wufa yoyamba ku + ya yachiwiri, kumene amati series, imaona 8 ohm. Wufa ya makoilo awiri a 4 ohm imatsata masamu omwewa: ikhoza kukhala 2 ohm kapena 8 ohm, osati 4.

Ma ohm akamatsika, amplifaya imakoka magetsi ochuluka ndi kutentha kwambiri. Ya matchanelo awiri yomwe mwaiphatikiza kukhala tchanelo imodzi nthawi zambiri imafuna 4 ohm. Mukaipatsa 2 ohm izizima yokha, mwinanso kupseratu. Werengani kabuku kake musanamange waya uliwonse.

Mawaya ndi fyuzi

Yambani ndi kuchotsa waya wa − pa batire. Mudzaubwezere mukamaliza zonse.

Waya wonyamula magetsi uchokere pa + ya batire mpaka ku amplifaya, ndipo ukhale wonenepa mokwanira: 8 AWG pa amplifaya yosapitirira 400W RMS, 4 AWG mukamayandikira 1000W. Nambala ikamachepa, waya ndiye akukula. Mugule wa kopa weniweni. Ulipo wina wotchipa, wa aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, wolembedwa CCA. Umapepuka m'manja, ndipo ukaupala ndi mpeni mkati mwake mumaoneka moyera. Umenewu sunyamula magetsi ofanana ndi wa kopa.

Fyuzi muiike pa waya ameneyu, pamalo osapitirira masentimita 45 kuchokera pa batire. Ambiri amaidumpha poganiza kuti ya pa amplifaya ndi yokwanira, koma iyo imangoteteza amplifaya. Waya wautali wodutsa pansi pa kapeti ukakhuzika n'kukhudza chitsulo, batire limatsanulira mphamvu zake zonse pamenepo, wayayo amafiira, ndipo galimoto imayaka anthu ali momwemo. Chonde musamange tiwaya m'malo mwa fyuzi yopsa. Podutsa pachitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, waya adutse m'karabala kotchinga bowo.

Waya wa ethi, wochoka pa amplifaya kupita ku chitsulo cha galimoto, ukhale wonenepa mofanana ndi wa +, waufupi, wosafika theka la mita ngati n'kotheka. Palani penti mpaka chitsulo chiwale, kenako mangani ndi bawuti molimba. Musanaboole paliponse m'buti, suzumirani pansi muone pamene pali thanki ya mafuta ndi mapaipi a mabuleki. Ethi yofooka ndiyo imabweretsa kulira kwa mluzu kotsatira injini.

Mawaya a RCA, onyamula mawu kuchokera ku wailesi, adutse mbali ina ya galimoto, kutali ndi waya wa magetsi. Kawaya ka remote, kawirikawiri kabuluu ka mzere woyera, kachokere ku wailesi kuti amplifaya iziyaka ndi kuzima nayo limodzi. Mukakalumikiza ku batire mwachindunji, m'mawa galimoto sidzalira. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ku Japan alibe polowetsa RCA, choncho mufunika kachipangizo ka line output converter, kapena amplifaya yolandira mawaya a masipika.

A galimoto za hybrid monga Aqua ndi Prius, mawaya aolenji musawakhudze. Ali ndi magetsi otha kupha munthu. Ntchito yanu ithere pa batire laling'ono la 12V.

Bokosi ndi kutchuna

Wufa yopanda bokosi imangopupa mphepo. Kalipentala apange bokosi ndi MDF ya mamilimita 18, amate ndi guluu paliponse polumikizana, ndipo atsate muyezo wa m'kabuku ka wufayo. Bokosi lotsekeratu limachepa ndipo besi yake imagunda mwaudongo. La bowo limakula komanso limaphokosera kwambiri. Limangirireni m'buti kuti lisauluke mukaponda buleki mwadzidzidzi, ndipo amplifaya muisiyire mpata wopuma.

Pa amplifaya, ikani LPF, kabatani kolola mawu akuya okha kudutsa, pa 80 Hz, bass boost muizime. Kabatani ka gain si voliyumu. Kachepetseni mpaka pansi, kwezani wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenako kwezani gain pang'onopang'ono. Mukangomva besi ikuyamba kusasa, bwererani m'mbuyo pang'ono n'kusiya pomwepo. Mawu osasawo ndiwo amawotcha koilo ya wufa, ngakhale amplifaya ikhale yaing'ono. Pamsewu, voliyumu ikhale yoti muzimvabe hutala ya mnzanu ndi kulira kwa ambulansi.