ZA NCHITO YA WOSUNGA MABUKU

Ambiri a ife timayesa kuti wosunga mabuku m'nyumba ija aicha laibulale ali ngati mlonda cabe: atsegula mamawa, atseka madzulo, nayang'anira kuti buku lisatayike. Mwezi uno tiphunzire za nchito yace ina yoposa imeneyi, ndiyo kuyankha ofunsa.

M'caka ca 1876 Samuel Green, wosunga mabuku wa m'mudzi wa Worcester ku America, analemba mau olangiza anzace a nchitoyi. Iye anaona kuti munthu wamba akalowa m'nyumba yodzala ndi mabuku acita manyazi, osadziwa poyambira; cifukwa cace ayenera kumlandira bwino ndi kumthandiza kufunafuna. Anafanizira ndi mwini sitolo, amene sakondwa kuona munthu alikuturuka wosagula kanthu. Caka comweco Melvil Dewey anagawa nzeru zonse m'magulu 10, naziika manambala, kuti buku liri lonse likhale ndi malo ace: za mankhwala ziri pa 610, za ulimi pa 630. Njira imeneyi ikali kutsatidwa m'maiko ambiri.

Koma nambala siithandiza ngati funso silinamveke, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nchito. Tiyese kuti munthu wafika nati, "Ndifuna buku la cimanga." Wosunga mabuku waulesi angomlozera ku 630, munthuyo nanka kwao ndi buku la kabzalidwe. Wanzeru ayamba wafunsa, "Kodi bambo, cimangaco ciri m'munda kapena m'nkhokwe?" Pomwepo zidziwika kuti anankafumbwe alowa m'nkhokwe, ndipo mwini alikuopa kuti ana ace adzagona ndi njala dzinja lisanathe. Taonani, limeneli ndi funso lina ndithu, lofuna buku lina! Makolo anati safunsa anadya phula. Ife tiona kuti mwambiwu ukhudza woyankha yemwe.

Robert Taylor, wa ku America komweko, analongosola cimeneci m'caka ca 1968. Anati cosowa ciyamba mumtima cisanakhale ndi mau, ndipo pofika pakamwa ciri copunguka kale, pakuti munthu afunsa cokhaco cimene ayesa kuti nyumbayo ingathe kumpatsa. Cotero ophunzira nchitoyi aphunzitsidwa kufunsa mofatsa, osamcititsa munthu manyazi, ndipo potsiriza kufunsanso ngati wapeza cimene anadzera.

Ku India, S. R. Ranganathan, amene poyamba anali mphunzitsi wa masamu, anaika malamulo 5 a nchitoyi m'caka ca 1931. Lacinai liletsa kumtayitsa wowerenga nthawi. Tiyesa kuti ali yense amene anayendapo ulendo wa tsiku lathunthu kukafunsa kanthu kamodzi adzabvomereza lamuloli. Masiku ano mafunso ambiri safikanso ndi miyendo. Nyumba ya mabuku yaikuru ya ku New York iri ndi anthu amene nchito yao ndi kuyankha ofunsa pa lamya ndi pa intaneti, ndipo nyumba za m'maiko ena zicita comweco.

Komatu nchitoyi iri ndi malire ace, ndipo Green anawachula kuyambira paciyambi. Wosunga mabuku sali sing'anga, ndiponso sali woweruza. Munthu akadza ndi nthenda, iye sayenera kumsankhira mankhwala. Akadza ndi mlandu wa munda, amuonetse pamene lamulo linalembedwa, koma asamuuze kuti adzapambana pabwalo. Otere awatumize kwa eni ace a nchitozo.