Makalata a Omvera: Chakudya cha Agalu Chikudula Bwanji?

Chakudya cha agalu cha m'matumba, chimene womvera wa ku Santhe m'boma la Kasungu wafunsa m'kalata yake, chambiri chimachokera ku South Africa. Makampani a m'dziko muno amalimbikira chakudya cha nkhuku ndi nkhumba, poti n'kumene kuli msika. Ndiye thumba lililonse lolowa m'dziko limafuna ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera zedi.

Komatu zipangizo zili pakhomo. Alimi ambiri a fodya ku Kasungu amalimanso chimanga, soya ndi mtedza. Gaga wa kuchigayo, soya wokazinga bwino n'kumupera, ndi nyenyeswa za usipa zimapatsa galu mphamvu ndi zomanga thupi. Soya wamuwisi sagayika bwino m'mimba, n'chifukwa chake kumukazinga n'kofunika kwambiri.

Vuto lalikulu ndi chuku. Chimanga kapena mtedza wosungidwa usanaumitsitse umachita chuku chimene chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo satha ngakhale chakudyacho chitaphikidwa. Mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga chokhala ndi poizoniyu. N'zomvetsa chisoni kuti mbewu zowola, zimene anthu azisankha n'kuzikana, n'zimene nthawi zambiri zimathera m'mbale ya galu.

Wofuna kugulitsa chakudya cha agalu chopangidwa ndi zipangizo zapakhomo ayenera kuyanika mbewu mokwanira, kusanjika matumba pamatabwa osati pansi, ndi kukayezetsa ku Malawi Bureau of Standards asanapite nacho kumsika.