Mwaye pa hita ya gasi: chenjezo kwa oweta anapiye

Alimi anzanga, phunziro la sabata ino likuchokera ku Area 15 mu mzinda wa Lilongwe, kumene mabanja angapo amaweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba zawo. Ndakhala ndikuyendera makola ena kumeneko, ndipo funso limene ndafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti: bwanji hita ya gasi ikuda mwaye, pamene tinauzidwa kuti gasi alibe utsi? Ngakhale nkhaniyi yayambira m'tauni, ikukhudzanso inu a ku Mitundu, Nathenje, Lumbadzi ndi Mponela amene mumafunditsa anapiye ndi mbaula kapena nyali ya parafini. Moto ndi umodzimodzi, ndipo ngozi yake ndi imodzimodzinso.

Tonse tikudziwa kuti mwanapiye wa tsiku limodzi satha kudzifunditsa yekha. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenaka timatsitsa ndi madigiri pafupifupi atatu sabata iliyonse mpaka nthenga zitamera. Koma ku Lilongwe, mu June ndi July, m'bandakucha kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo. Kale ambiri m'tauni ankadalira mababu a magetsi. Mphepo ya mkuntho ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, magetsi ankathimathima kwa miyezi yambiri, ndipo alimi ena anatembenukira ku gasi. Makala nawo akwera mtengo, ndiponso lamulo la za nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linawonjezera zilango kwa owotcha ndi ogulitsa makala popanda chilolezo. Choncho masilinda a gasi alowa m'makola ambiri, koma eni ake sanaphunzitsidwe kuwerenga moto wake.

Gasi amene timagula kuno ndi wa mtundu wa LPG. Kuti apse bwino amafuna mpweya wambiri zedi: muyeso umodzi wa gasi umafuna miyeso 24 mpaka 30 ya mpweya. Mpweya ukakwanira, lawi limakhala lobiriwira ngati thambo, lalifupi, losagwedezeka, ndipo silisiya mwaye. Mpweya ukachepa, lawi limatalika, limasanduka lachikasu, limavina mwaulesi ngati la koloboyi, ndipo limayamba kudetsa chitsulo, khoma ndi denga. Mwaye umenewo ndi gasi amene munagula ndi ndalama zanu koma sanapse. Kumeneko ndi kuluza koyamba, ndipo ndi kochepa.

Kuluza kwenikweni ndi kumene sikuoneka. Moto umene ukupanga mwaye umakhalanso ukupanga mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, sulowa m'maso ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Ena amandiyankha kuti, “Ife gasi akatuluka timamva fungo.” Fungo limenelo ndi mankhwala amene amathiridwa dala m'silinda kuti mudziwe gasi akamadontha asanayake. Carbon monoxide amabadwira m'moto, ndipo palibe amene anamuthira fungo. Akalowa m'mapapo amakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ya mpweya wabwino nthawi zoposa 200, motero magazi amayenda m'thupi osanyamula mpweya umene ubongo ndi mtima zikufuna.

Tsono pali hita zina zokhala ndi chumuni, zimene zimatulutsa utsi wake kunja. Zimapezeka m'nyumba zina, ndipo alimi ena amazitenga kukaika m'chipinda cha anapiye. Eni ake amagona tulo tofa nato poganiza kuti chumuni chimawateteza. Inde chimateteza, koma pokhapokha ngati chili chotseguka. Mwaye umayamba pang'onopang'ono kumatirira m'kati mwa paipi, njira nkumachepa. Njira ikachepa, moto umasowa mpweya koposa kale, ndipo umapanga mwaye wochuluka kuposa dzulo. Vuto limadzidyetsa lokha mpaka tsiku lina utsi wonse umabwerera m'chipinda. Komanso hita imakhala osayatsidwa kuyambira September mpaka May. M'miyezi imeneyi mbalame zimamanga zisa m'chumuni, mavu amamata dothi lawo, akangaude amatchera ukonde m'kapaipi kolowera mpweya. Kangaude mmodzi ndi wokwanira kusandutsa lawi labwino kukhala lachikasu.

M'khola muli mdani wina amene m'nyumba mulibe: fumbi. Utuchi kapena mankhusu a mpunga amene timayala pansi, ufa wa chakudya, ndi tinthenga ta anapiye, zonsezi zimauluka ndi kutseka timabowo ta mpweya. Zotenthetsera anapiye zopachika m'mwamba zija zimene zimafiira ngati khala, kufiira kwake ndi kwabwino. Koma mukaona malawi achikasu akunyambita m'mbali, kapena mwaye pa chivundikiro chake, dziwani kuti kasefa ka mpweya katsekeka. Kasefako kamafuna kukuntha ndi kupukuta kawirikawiri, osati kamodzi pa chaka.

Mayi wina wa ku Area 15 anandionetsa chipinda chimene amalereramo anapiye 200. Mazenera anawamata ndi mapepala a pulasitiki, pansi pa chitseko anatseka ndi masaka, kuti gasi asathe msanga. Pamwamba pa hita khoma linali bii, ndipo anati amapukuta Loweruka lililonse koma mwayewo umabwereranso. Galasi la zenera linali likuchucha madzi. Anapiye anali phee, osathamangira chakudya, ena akupuma atayasama, ndipo mayiwo anali atagula kale mankhwala a chitopa ndi a chimfine. Chimene chinandichititsa mantha sichinali anapiye ayi, koma mphasa ndi bulangete zimene zinali pakona. Mnyamata wantchito amagona momwemo kuti aziyang'anira moto, ndipo anali atadandaula mutu m'mawa uliwonse kwa sabata yathunthu.

Madzi a pa galasi aja ndi mboni ina. Kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa nthunzi ya madzi pafupifupi lita imodzi ndi theka. Hita ya chumuni ikamagwira bwino, nthunziyo imapita kunja. Mukaona mazenera akulira ndi utuchi ukunyowa, ndiye kuti zimene zimayenera kutuluka zikutsalira m'kati.

Za anapiye kufooka munthu asanagwe si zachilendo. Mbalame zimapuma mofulumira, choncho poizoniyu amazipeza msanga. Katswiri wina wa ku Scotland, John Scott Haldane, ndiye analangiza m'zaka za m'ma 1890 kuti anthu okumba malasha azitenga tinyama ting'onoting'ono polowa mu mgodi, ndipo ku Britain ankatenga timbalame totchedwa canary mpaka chaka cha 1986. Kambalame kakagwa, anthu onse ankathawira kunja. Inu muli ndi alonda 200 otere m'khola mwanu. Anapiye akaunjikana pansi pa moto ndiye kuti akumva chisanu, akathawira kumakoma ndiye kuti kwatentha. Koma akangogona paliponse ngati oledzera, kutentha kuli bwinobwino, yang'anani lawi musanathamangire ku sitolo ya mankhwala.

Kwa munthu, zizindikiro zake zimanamiza chifukwa zimafanana ndi malungo: mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kusokonezeka maganizo. Kusiyana kwake nkwakuti thupi silitentha, onse ogona m'chipinda chimodzi amadwalira pamodzi, ndipo akatuluka panja amayamba kupezako bwino. Munthu amene ali m'tulo, kapena amene wamwako mowa, sadzuka nkomwe. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala mtima ndiwo amagonja msanga.

Nanga mwaye ukaoneka titani? Kupukuta sikuchiza kanthu. Zimitsani hita, tsekani silinda, tsegulani zitseko, ndipo musayatsenso kufikira chifukwa chake chitapezeka. Hita itazizira, mutha kuchotsa fumbi ndi ukonde pa timabowo ta mpweya ndi kaburashi kofewa. Kwerani padenga muone ngati chumuni sichinatsekeke, sichinadzimbire, ndiponso ngati molumikizira mapaipi simunalekane. Koma kabowo kotulukira gasi musakatokose ndi singano kapena msomali. Mukakakulitsa ngakhale pang'ono, gasi amachuluka kuposa mpweya, ndipo mwaye sudzathanso. Ntchito imeneyo, pamodzi ndi kuyeza regulator, ndi ya mmisiri wodziwa za gasi. Bungwe la MERA ndilo limayang'anira malonda a gasi m'dziko muno, choncho funsani kwa ogulitsa gasi ovomerezeka kuti akulozereni mmisiri, osati aliyense wonyamula sipanala.

Ndichenjezenso okonda katundu wa kaunjika. Hita zambiri za ku Ulaya zinapangidwira gasi wa m'mipope wotchedwa natural gas, amene kuno kulibe. Kabowo kake ndi kakakulu, ndipo mukailumikiza ku silinda yathu imalavula lawi lalitali lachikasu kuyambira tsiku loyamba. Werengani kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwake musanapereke ndalama. Pazikhala mawu akuti LPG, propane kapena butane.

Hita ikakonzedwa, iyeseni motere. Iyatseni kwa mphindi zisanu zitseko zili monga zimakhalira usiku, kenaka yandikizani koyilo ya udzudzu yofuka pamene utsi umalowera m'chumuni. Utsi wa koyiloyo uzikokedwa kulowa m'kati. Ukabwerera kwa inu, chumuni sichikukoka. Amene angathe agule kabelu kolira kakamva carbon monoxide, koyendera mabatire. Kamapezeka m'masitolo ena a zipangizo zomangira, ndipo nkosiyana ndi kabelu ka utsi.

Inu a mbaula musaganize kuti mwapulumuka. Pali chikhulupiriro chakuti makala akayaka bwino panja, utsi nkutha, ndiye kuti alibenso poizoni. Si zoona. Khala lofiira lopanda utsi limatulutsabe carbon monoxide wambiri mpaka litasanduka phulusa. Kaya ndi gasi, makala kapena parafini, siyani mpata wa mpweya m'mwamba mbali ziwiri za khola. Makatani a masaka azitchinga mphepo yowomba anapiye m'munsi, koma kumtunda kuzikhala kotseguka usiku wonse, ngakhale kuzizire bwanji. Woyang'anira anapiye azigona chipinda china ndi kumadzuka kukazonda.

Mukapeza munthu atafooka m'chipinda chotere, tsegulani chitseko kaye, mutulutseni panja, ndipo thamangirani naye kuchipatala ngakhale aoneke ngati watsitsimuka. Kumumwetsa mkaka sikuchotsa poizoniyu. Mankhwala ake ndi oxygen: ndi mpweya wamba thupi limatenga maola anayi kapena asanu kuti lichotse theka la poizoni, pamene ndi oxygen wa kuchipatala limatenga ola limodzi kapena limodzi ndi theka. A ku Area 15 ali pafupi ndi chipatala cha Kamuzu Central. A kumidzi pitani ku chipatala chimene chili pafupi, ndipo mukafika nenani msanga kuti wodwalayo anagona ndi moto m'chipinda chotseka, kuti adokotala asataye nthawi poyeza malungo okha.