Khansa ya m'chiwindi: chithandizo cha TACE kwa anthu achikulire

Khansa ya m'chiwindi yapha amuna ambiri amene anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Kawirikawiri imayamba chifukwa cha kachilombo ka hepatitis B, kumwa mowa kwambiri, kapena kudya mtedza ndi chimanga chochita chuku. Ngati inu kapena bambo anu mwapezeka nayo, musataye mtima poganiza kuti munthu wamkulu sangathandizidwe.

Kodi TACE ndi chiyani?

Chotupa cha khansa chimalandira magazi kuchokera ku mtsempha wina, pamene mbali yabwino ya chiwindi imadalira kwambiri mtsempha winanso. Adokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi mphechepeche mwa ntchafu kapena padzanja, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha mpaka kukafika pa chotupacho, akuyang'ana pa X-ray. Kenako amathiramo mankhwala opha khansa ndi tinthu totseka mtsemphawo. Chotupacho chimasowa magazi ndipo chimafota. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amagona m'chipatala usiku umodzi.

Dziwani kuti TACE nthawi zambiri sichiza khansa kotheratu. Imachedwetsa matendawa ndi kutalikitsa moyo, ndipo mwina angaibwereze.

Kodi ukalamba ndi choletsa?

Ayi. Madokotala sayang'ana zaka zokha. Amayeza mmene chiwindi ndi impso zikugwirira ntchito, komanso ngati mumatha kuyenda, kusamba ndi kudya nokha. Sangachite TACE ngati muli ndi chikasu chachikulu, madzi ambiri m'mimba, kapena ngati mtsempha waukulu wa chiwindi watsekeka.

Musanalandire chithandizo

• Auzeni adokotala ngati muli ndi shuga, matenda a mtima, TB, HIV kapena matenda a fumbi la mumgodi.
• Aonetseni mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale azitsamba.
• Ngati muli ndi hepatitis B, funsani za mankhwala a tenofovir.
• Siyiranitu mowa.

Mukabwerera kunyumba

Kwa masiku angapo mukhoza kumva kutentha thupi, nseru, kutopa ndi kupweteka m'mimba. Zimenezi zimachitika ndithu. Koma thamangirani kuchipatala ngati maso achita chikasu, mimba yatupa, mukusanza magazi, chimbudzi chikutuluka chakuda, mutu wasokonezeka, kapena pamene anabaya pakutuluka magazi. Munthu wachikulire asakhale yekha sabata yoyamba.

Musanapite kumudzi

Chithandizochi chimapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Funsani tsiku lodzayezedwanso musanagule tikiti, ndipo nyamulani mapepala anu onse a kuchipatala.

Tetezani banja lanu

Akazi anu ndi ana anu akayezetse hepatitis B. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 1995 ku South Africa ndi mu 2002 ku Malawi, choncho ambiri obadwa zaka zimenezi zisanafike sanabayidwe. Funsani anamwino kuchipatala cha pamgodi.