Pamene asilikali a m'thupi agumula khoma lakwawo

Anzanga a Biology, mutu wa chitetezo cha m'thupi timaphunzira ngati nkhani ya asilikali okhulupirika: kachilombo kalowa, ma antibody akagwira, basi. Lero ndikufuna tione mbali imene mabuku amangoidutsa, pamene asilikali omwewa atembenukira mwini wake. Ma antibody otere amatchedwa ma autoantibody.

Tayang'anani nyumba ya njerwa zootcha ngati zimene timamanga kuno kwa Kaduya. Njerwa zimaima chifukwa cha matope kapena simenti ya pakati pake. Khungu nalonso ndi maselo osanjikana, ndipo simenti yake ndi mapuloteni otchedwa desmoglein, amene amamangirira selo ku linzake. M'kati mwa selo muli ena otchedwa plakin, amene amalimbitsa mfundo zimenezi.

Mu 1990, Grant Anhalt ndi anzake a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, anafotokoza za odwala asanu amene anali ndi zotupa komanso matuza ndi zilonda zosapola. Matendawa anawatcha paraneoplastic pemphigus. Chimene chimandisangalatsa ine ndi umboni wake: anatenga ma antibody m'magazi a odwalawo nkuwabaya tiana ta mbewa, ndipo khungu la timbewato linayamba kumasuka. Panalibe kachilombo kalikonse. Ma antibody okhawo ndi amene ankadya simentiyo. Maselo akalekana, madzi amadzaza mpatawo, ndiye thuza limenelo.

Nanga khansa ikubwera pati? Matendawa amapezeka kwambiri mwa odwala lymphoma ndi mtundu wina wa leukemia, khansa za maselo oyera a m'magazi, banja lomwelo limene limapanga ma antibody. Fakitale ikasokonekera, katundu wake amatulukanso wolakwika. Pa chotupa china chotchedwa Castleman, madokotala akachichotsa, khungu la odwala ambiri limayamba kupola.

Zilonda zimayambira m'kamwa ndi pa milomo, zopweteka moti ngakhale phala limavuta kumeza. Zoopsa kwambiri ndi pamene matendawa afika m'timachubu ta m'mapapo, munthu nkumabanika. Nthawi zina zilondazi zimaoneka khansa isanadziwike nkomwe.

Ndi matenda osowa kwambiri, choncho musachite mantha ndi kachilonda kalikonse ka m'kamwa. Tambiri timapola tokha. Sapatsirananso, ndiye palibe chifukwa chopatulira wodwala mbale yakeyake. Koma m'bale wanu akakhala ndi zilonda m'kamwa kwa milungu ingapo, mankhwala akulephera, mwanabere watupa, thupi likutha, musamuchedwetse ndi zomangomutsukitsa m'kamwa ndi madzi a mchere. Apite ku chipatala cha boma ku Migowi kapena ku Holy Family, ndipo akaona kuti mpofunika amutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene angathe kudula kachidutswa ka khungu nkukaunika pa maikulosikopu.