FUNGO LA GALU M'NYUMBA YA MWANA WOKWAWA

Amayi, galu ndi chiweto chothandiza pakhomo. Amalonda usiku, amapirikitsa anyani m'munda, ndipo ana amakondwera naye. Sitikunena kuti mumuthamangitse ayi. Koma ife oyendera za ukhondo tikalowa m'nyumba zina, mphuno imatiuza pamene galu amagona tisanamuone n'komwe. Eni nyumba samvanso kanthu popeza anazolowera. Chimene chimatidetsa nkhawa n'chakuti kawirikawiri pamalo ponunkhapo ndi pomwenso timapeza mphasa ya mwana.

Tsiku lina m'nyengo ya dzinja ndinafika pakhomo pena, ndipo ndinapeza mwana wa miyezi 9 atagonekedwa pa chiguduli pakhonde, galu wamkazi ndi ana ake ali pambali pake. Mwanayo anali ndi zotupa zitatu kumsana. Amayi ake ankati ndi zithupsa chabe, koma titapita naye ku chipatala munatuluka mphutsi. Amayiwo sanali aulesi. Mbale zinali pathandala, bwalo linali losesa bwino. Kungoti panalibe amene anawafotokozera kuti fungo lija limatanthauza chiyani.

Kodi fungo limachokera kuti?

Khungu la galu limatulutsa mafuta amene amateteza ubweya wake. M'mafutawo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo zimene tizilomboto timatulutsa ndizo zimanunkha, makamaka galu akanyowa ndi mvula. Mafutawo amatsalira pa chilichonse chimene galu wagonapo: chiguduli, mkeka, bulangete, ngakhale pansi penipeni. Limeneli ndi fungo laling'ono. Fungo loipa kwenikweni, loboola mphuno lija, limachokera ku mkodzo umene walowerera m'dothi ndi ku manyi (mundikhululukire, mawu oyenera ndi omwewo) amene asiyidwa kuseri kwa nyumba.

Pali ntchentche ina imene imakonda mchenga wouma wa pamthunzi umene wakodzeredwa. Imaikira mazira ake pamenepo, kapena pa matewera ndi zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi. Mazirawo akaswa, timphutsi timadikira mpaka galu kapena mwana agonepo, kenaka timaboola khungu ndi kukula m'menemo kwa masiku 8 mpaka 12. Ana agalu ndiwo amagwidwa kwambiri ndi mphutsi zimenezi, motero pamene pali galu woyamwitsa ntchentcheyo siisowa. Matewera ayanikidwe pachingwe padzuwa, ndipo asitidwe mbali zonse ziwiri, pakuti kutentha kwa simbi kumapha mazirawo. Utitiri ndi matekenya nazonso zimaswana m'fumbi la pamalo ogona galu.

Za manyi n'zofunika kuzimvetsa bwino. Ana agalu ambiri amabadwa ali kale ndi njoka za m'mimba, zochokera kwa make asanabadwe, ndipo zina amaziyamwira mumkaka. Mazira a njokazi amatuluka ndi manyi. Tsiku limene atulukalo sangapatse munthu matenda. Amayamba akhwima m'dothi kwa masabata awiri kufikira anayi, ndipo akakhwima amatha kukhala ndi moyo m'dothi la chinyezi chaka chathunthu kapena kupitirira, manyiwo atauma kale ndi kusanduka fumbi. Mwana wokwawa amagwira dothi nayika zala m'kamwa. Ena amachita kudya dothilo. M'thupi la mwana njokazi sizikula monga zimachitira mwa galu, koma tiana take timayendayenda m'chiwindi ndi m'mapapo, ndipo nthawi zina timafika m'diso ndi kuliwononga. Mwana amatentha thupi, amatsokomola, safuna kudya, ndipo tsiku la sikelo mzere wa pa khadi lake sukwera.

Taonani tsono mwayi umene tili nawo. Popeza mazira amafuna masabata awiri kuti akhwime, mayi amene amawola manyi a galu m'mawa uliwonse amawachotsa asanakhale oopsa. Wolani ndi khasu kapena fosholo, tayani m'chimbudzi kapena kwirirani m'dzenje lakuya, osati m'dimba la ndiwo. Mukatha sambani m'manja ndi sopo. Ntchito imeneyi musatume ana aang'ono.

Kuchotsa fungo

Kufukiza zonunkhiritsa kapena kupopera mankhwala a m'sitolo n'kutaya ndalama. Fungo limabisika kwa kanthawi, koma mazira ndi utitiri zimakhala zili pomwepo. Choyamba galu akhale ndi malo akeake kunja kwa nyumba, kakhumbi kofolera kuti mvula isalowe, kutali ndi khitchini ndi pamene ana amasewera. M'menemo muikemo chiguduli chake, chimene chiyenera kukutumulidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, ndi kuchapidwa sabata iliyonse. Chikatha ntchito chitenthedwe. Galu amene wazolowezedwa ali wamng'ono savuta. Wamkulu amalira masiku angapo, koma musamumvere chisoni ndi kumutsegulira chitseko.

Ngati m'nyumba ndi mozira ndipo galu anakodzamo, kusesa kokha sikukwanira. Palani dothi lonyowalo ndi khasu, litayeni, wazani phulusa, ndipo pakauma zirani ndi dothi latsopano. Pa simenti tsukani ndi madzi ambiri ndi sopo. Musathire Jik pa mkodzo umene sunatsukidwe, pakuti ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wopweteka maso ndi chifuwa. Mphasa ndi mabulangete zichapidwe ndi kuuma kwenikweni padzuwa. Soda wophikira therere uja mukamuwaza pa mphasa youma ndi kukutumula m'mawa mwake amachepetsa fungo lotsalira. Mazenera azitsegulidwa m'mawa uliwonse.

Galu mwini wakeyo asambitsidwe kamodzi pamwezi, tsiku la dzuwa, ndi sopo wamba. Mutsukuluzeni bwino ndipo aume asanapite kukagona. Kumusambitsa pafupipafupi kumaumitsa khungu ndipo amayamba kudzikanda. Masiku enawo kumupesa ndi chitsononkho kumachotsa ubweya wothothoka ndi fumbi. Beseni la mwana lisagwire ntchito imeneyi, ndipo galu akhale ndi mbale yake. Asanyambite mapoto kapena mbale ya phala la mwana. Ndaonapo agalu opakidwa oyilo wakuda wa galimoto, palafini, ngakhale mankhwala opopera thonje, ati pofuna kupha nkhupakupa. Mwana akasisita galu wotere nayika dzanja m'kamwa wadya chiphe. Mankhwala oyenera a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba funsani kwa alangizi a ziweto, ndipo iwo adzakuuzani muyeso wake. Ana agalu amayamba kulandira mankhwala a njoka ali ndi masabata awiri.

Galu akamanunkhabe atasamba, pali chimene chikumudwalitsa: chilonda, mafinya m'makutu, mano owola kapena nthenda ya pakhungu. Ameneyo aonedwe ndi alangizi, ndipo ana asamugwire.

Chenjezo lina ndi ili. Galu akayamba kuchucha dovu, kulephera kumeza, kapena kusintha khalidwe mwadzidzidzi, musapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti watsamwa fupa, ndipo musamusambitse. Chikhoza kukhala chiwewe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti mwa anthu 10 olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, mankhwala ochiza palibe. Choncho galu wanu abayidwe katemera chaka chilichonse, ndipo kalata yake muisunge pamodzi ndi khadi la sikelo. Mwana akalumidwa, akakandidwa, kapena galu akamunyambita pachilonda, tsukani malowo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, musamange chilondacho kapena kuthirapo mankhwala a zitsamba, ndipo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo ndi wanu yemwe.