Wantchito Mmodzi, Bwana Mmodzi

 Lero tikulankhula nanu eni mahadiweya, magalaja ndi sukulu za mkaka.

Vuto ndi ili: wantchito mmodzi, mabwana ambirimbiri. Bambo akuti thamangira ku Kanengo ukatenge simenti. Mayi akuti usachoke pa kauntala. Alamu akuti tsitsa malata. Katundu akasowa, aliyense akuloza mnzake chala. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi.

Yankho lake ndi ili: choyamba, tengani pepala. Pamwamba lembani mwini bizinesi. M'munsi mwake lembani maudindo onse: woyang'anira, wosunga ndalama, wogulitsa, mlonda.

Chachiwiri, lumikizani maudindowo ndi mizere. Mzere uonetse wotuma ndi wotumidwa. Wantchito mmodzi, bwana mmodzi. Kaya ndi wachibale, bwana mmodzi.

Chachitatu, matani pepalalo pakhoma, aliyense alione. Wina akachoka, likonzeni. Wina akalowa, likonzeni.

Tibwereze: lembani, lumikizani, matani pakhoma. Wantchito mmodzi, bwana mmodzi. Chitani zimenezi lero lomwe.